Pikapu Ziwiri kwa Haidari

Phazi la a Simeon linaterereka pakhomo la galimoto, ndipo anabwerera pansi ndi thupi lonse, n'kupondera mwendo umene unali ndi bala. Sanalire. Anangoluma mlomo, thukuta lili kamukamu, dzanja litagwira chitseko.

"Ndinanena ine," anatero akazi awo, a Agnesi, akuwachirikiza ndi phewa lawo lowonda. "Chigalimoto ichi n'chokwera anyani."

Tawonga, mtengwa wawo, anaima poteropo manja ali kumbuyo. Pa anthu onse amene anali pabwalopo wamphamvu anali iye, ndipo m'banjamo wodziwa chiwongolero anali yekha, koma sanasendere. Chikwatiwire kwa Ernest, mwana wa a Simeon, panali patatha zaka zisanu ndi zinayi, ndipo apongozi akewo anali asanawakhudzepo ngakhale chala. Madzi osamba m'manja ankawaikira pansi atagwada, n'kubwerera. Akakumana nawo m'kanjira ka kumunda ankapatukira m'chimanga. Kwawo ku Mzimba anamulera choncho, ndipo ku Lukwa kumene anakwatiwako anapeza zomwezo.

Bwalolo linali kuseri kwa sitolo ya Haidari, wamalonda wa pamsika amene ankagulitsa feteleza ndi malata, komanso ankaitanitsa galimoto zakale kuchokera kunja. Tsiku limenelo, Lachisanu la mwezi wa Okutobala, anali ndi pikapu ziwiri zoyera, za zitseko zinayi, mtundu umodzi, chaka chimodzi.

"Injini n'chimodzimodzi, mayi," anatero Haidari kwa Tawonga, akumenya tayala ndi nsapato. "Zasiyana miyendo. Yaitaliyi matayala ake ndi a mano, mimba yake ili m'mwamba, ndipo ili ndi giya ya matope imene imakoketsa matayala onse anayi. Koma ndi yolimba msana, imagwedeza munthu mpaka mano. Yaifupiyi ndi ya phula. Mipando yofewa, mafuta imangonyambita, koma imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Ikaona matope imagwada."

Tawonga zonsezi anali atazimva kale kawiri. Chimene chinawabweretsa sichinali chionetsero. A Simeon anali ndi matenda a shuga, ndipo pansi pa phazi lawo lamanzere panatuluka bala losapola. Dokotala wa kuchipatala cha paboma ananena mosapita m'mbali: azibwera Lolemba ndi Lachinayi lililonse kuti balalo lizitsukidwa, akadumphitsa mwendo udzadulidwa. Anayesa kabaza wa njinga yamoto, mkuluyo anagwa kawiri, fumbi n'kumalowa m'bandeji. Ndiye banja linasonkhanitsa ndalama za fodya wa chaka chonse pamodzi ndi zimene Ernest anatumiza kuchokera ku Joni, kuti ligule galimoto imodzi. Yachiwiri sikanadzagulidwanso.

Anayesanso kukwera yaitali ija ataika kireti ya zakumwa pansi. Sizinathandize. Kuti akweze mwendo wabwino, woipawo unkayenera kusenza thupi, ndipo a Simeon anakhala pakiretipo akupuma ngati athamanga.

"Nkhani yake njapafupi," anatero Haidari. "Munthu mmodzi awagwire m'chiuno, awakweze, basi. Mayiwa mphamvu ali nazo, ndimawaona akamatsitsa feteleza."

"A Haidari," anatero a Agnesi motsitsa mawu, "amenewa ndi apongozi ake."

"Ndikudziwa, amayi. Koma mwendo sudziwa zimenezo."

"Ine ndine mkulu wa mpingo," anatero a Simeon osayang'ana aliyense. "Kuli bwino ndizikwawa."

Atawatsegulira yaifupi ija, anangotembenuka, n'kukhala pampando, n'kulowetsa miyendo okha. Anapapasa mpandowo ndi chikhatho, ndipo anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Iyi ndiye ikudziwa kulemekeza munthu," anatero.

Haidari anamukokera Tawonga pamthunzi wa khonde. "Kwanu ndimakudziwa. Dambo lili kumunsi kwa mudzi wanu lija, Januwale ine lole yanga sindiilowetsamo. Ndiponso yaitaliyi akuifuna a ku loji ya ku Lifupa, yoyendetsera alendo m'paki. Ndawauza kuti ndiwayankha ndikatuluka mu mzikiti masana ano. Mukaisiya, yapita."

Mufoni ya Tawonga munali mawu amene Ernest anajambula m'mawa. Anawamveranso foni ataigunditsa kukhutu. "Amake Yankho, utenge yaitaliyo, usamvere zonena za madala. Dambo lija sulidziwa ngati?" Kunena kunali kosavuta kwa munthu amene ali ku Joni. Ulendo uliwonse unali kukwera, kutsika, kukweranso, kutsikanso, kawiri pa mlungu. Nyengo ya fodya amuna a m'mudzi amalawirira kumunda, ndipo kuchipatala kulibe amene amadikira kunyamula bambo wa eni. A Agnesi msana unawavuta kalekale. Wotsala anali iye.

Anabwerera pomwe panali akuluakuluwo, n'kunjuta.

"Amayi, nanga mvula ikabwera?"

"Balalo likhala litapola. Okutobala uno, mwana wanga. Januwale ndi kutali."

Mawu anali pakhosi, ochepa chabe: ndiziwanyamula ine. Anayang'ana nsapato za apongozi ake, imodzi yomanga bwino, inayo yodula pamwamba kuti bandeji ikwanemo. Anaganiza za amayi a miseche a m'mudzi, zimene akananena pachitsime, ndi nkhope ya a Simeon akanamva manja ake m'chiuno mwawo. Mawuwo anawameza. Haidari anali atayamba kale kukwinya manja a mkanjo kuti akasambe za mapemphero.

"Tipatseni yaifupiyo," anatero Tawonga.

Haidari anakatenga makiyi.

Miyezi itatu galimotoyo inagwira ntchito yake, ndipo tisainamizire. Inawatenga Lolemba ndi Lachinayi osaphonya. Padambo paja, pomwe anthu anathira miyala ndi nthambi, Tawonga ankadutsa pang'onopang'ono, mimba ya galimoto ikukhula udzu. Bala linachepa, koma silinatsekeke.

Kumapeto kwa Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Lolemba Tawonga anaimika galimoto m'mphepete mwa dambo, n'kulowa m'madzi ndi ndodo. Madzi anamufika m'maondo. Choipa kwambiri, mathirakitala a ku esiteti anali atakumba ngalande ziwiri zakuya momwe mumadutsa matayala, pakati n'kusiya mzere wautali ngati wa fodya. Anaima m'madzimo akuyeza ndi ndodoyo, apa ndi apo, ngati kuti akayeza kachitatu kuya kwake kusintha. Anabwerera nawo apongozi ake kunyumba. A Agnesi anatsuka balalo ndi madzi a mchere.

Pofika Lachitatu madzulo fungo linali likumveka pakhonde. Zala ziwiri zinada. Thupi linatentha, ndipo a Simeon anakana ngakhale phala.

Lachinayi kunacha kuli mitambo. M'mudzi munalibe mwamuna: kunagwa maliro kumtunda, ndipo onse anapita kukakumba manda, ngolo ya ng'ombe nayo inapita komweko ndi nkhuni. Tawonga anathamanga nyumba zinayi, anangopeza zitseko ndi nkhuku. Anabwerera, n'kuliza galimoto.

"Tikawoloka bwanji?" anafunsa a Agnesi, atakhala kumbuyo ndi amuna awo.

"Sindikudziwa, amayi."

Analowa m'dambo ndi liwiro, akuyesa kuyendetsa matayala a mbali imodzi pamwamba pa mzere uja. Inayenda, inayenda, madzi akuwaza m'magalasi, mpaka pakati. Kenako inatsetsereka, matayala anagwera m'ngalande zonse ziwiri, ndipo pansi panamveka kugunda. Mimba inali itakhala pamzere. Matayala akumbuyo anangozungulira m'madzi, akuponya matope m'mwamba. Anayesa kumbuyo, anayesa kutsogolo. Injini inatsokomola, n'kuzima.

Madzi anayamba kulowera pansi pa zitseko.

Anaimbira Haidari.

"Ndatitimira padambo. Phazi lada."

"Ndikunyamuka pompano," anatero Haidari, ndipo sanamukumbutse kalikonse. "Ndikafika pomwe pathera msewu wa miyala, tsidya lino. Koma ndi matope amenewa nditha ola. Kumtunda kukugwa mvula, madziwo akwera. Musakhale m'galimotomo."

Tawonga anaika foni m'bulauzi. Kuchokera pagalimoto kukafika pouma panali ngati kutalika kwa bwalo la mpira. A Agnesi anali atakweza phazi la amuna awo pamiyendo pawo, ndipo madzi anali atamiza kale nsapato zawo. Tawonga anatsika, madzi m'ntchafu, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anawayang'ana a Simeon kumaso. Anali asanadziwe kuti diso lawo limodzi lili ndi ng'ala.

"Abambo, ndikuberekani."

"Iwe Tawonga," anatero a Agnesi, "anthu akamva..."

"Anthu ali kumaliro, amayi. Mukufuna mawa abwere kwathu?"

A Simeon anatseka maso. "Ndisiyeni momwe muno. Mipando yake ndi yofewa."

"Madzi akulowa, abambo."

"Mwana wanga, ukandibereka lero, mawa tizionana bwanji? Uziyang'ana kuti?"

"Ndiziyang'ana phazi lanu. Bwerani."

Madzi anakhudza m'mphepete mwa mpando. Kenako a Agnesi anamasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuchikutumula.

"Tembenuka," anatero kwa Tawonga. "Werama bwino. Inu abambo ake a Ernest, gwirani m'mapewamo, musamutsamwitse mwanayu."

Anakulunga phazi lodwalalo m'pulasitiki wa m'kati mwa thumba la feteleza, n'kumanga ndi luzi. Anawasendeza amuna awo mpaka pakhomo, Tawonga anapereka msana, ndipo a Agnesi anamanga chitenje chija mfundo ziwiri, monga ankamangira ana awo. Tawonga anaimirira.

Chimene chinamupweteka mtima ndi kupepuka kwawo. Ankayembekeza katundu wothyola msana, koma mkuluyo sankaposa kwenikweni thumba la feteleza limene iye ankasenza chaka ndi chaka osaitana munthu. Kuwakweza m'galimoto yaitali ija kukanakhala ntchito ya kamphindi.

Anayenda m'ngalande ya thirakitala, phazi limodzi, kenako linzake, matope akumuyamwa mpaka m'akakolo. Patapata zake zinatsalira momwemo. A Agnesi ankabwera pambali, madzi m'chiuno, atanyamula phazi lokulungalo m'mwamba ndi manja awiri. Kutentha kwa thupi la a Simeon kunkamupsereza msana. Ankamva mpweya wawo pakhosi pake, ndipo nkhope yawo anaitembenuzira kumbali ulendo wonse.

Pakati anapunthwa, n'kugwada bondo limodzi, madzi anafika pachifuwa.

"Phazi, amayi. Kwezani phazi."

"Ndakweza. Dzuka."

Anadzuka. A Simeon anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mawu akusokonekera, ndipo Tawonga anaponda motsatira nyimboyo mpaka pouma. Haidari anawapeza atakhala pachulu m'mphepete mwa msewu, onse atatu ali matope okhaokha, galimoto kumbuyo kwawo madzi atafika m'magalasi. Sanafunse kuti awoloka bwanji. Nayenso Tawonga sanadikire kuuzidwa: anawagwira apongozi ake m'chiuno, n'kuwakweza mu lole.

Kuchipatala dokotala anamasula thumba lija, anayang'ana, n'kufunsa funso limodzi.

"Lolemba munali kuti?"

"Padambo," anatero Tawonga.

Anayesa mankhwala a m'diripi masiku awiri. Loweruka anadula mwendo, m'munsi pang'ono mwa bondo. Pikapu ija inakokedwa ndi thirakitala mvula itachepa, injini itamwa madzi, ndipo inakhala kwa amakaniko mpaka fodya anapita ku okushoni. A Simeon ali moyo. Sapitanso kumunda, amakhala m'chigafa n'kumasankha masamba a fodya. Akafuna kukwera kapena kutsika penapake amaitana, "Amake Yankho," ndipo iye amabwera n'kuwanyamula, pamaso pa aliyense amene alipo. Pachitsime anailankhula nkhaniyi milungu iwiri, kenako anapeza ina.

Inu amene mukumva izi, mukamakasankha galimoto musayambire pampando. Pitani kaye pamalo oipitsitsa a msewu wa kwanu, mukaime pamenepo, mukumbukire momwe pamakhalira Januwale. Ndipo ngati pali mawu amene mukuchita nawo manyazi pamaso pa akuluakulu, anenenitu kudakali chilimwe, miyendo yonse idakalipo. Chonde, chitani bwino kuposa apa.