Mpheta Zisanu ndi Zinayi za U Ba Kyaing

Daw Ngwe Sein sankaukonda mzinda wa Mawlamyine, ndipo sankabisa. Kwawo kunali kuchilumba, tsidya lina la mtsinje wa Thanlwin, kumene munthu amayamba wayang'ana kaye asanalavule. Koma amuna awo, U Ba Kyaing, anali gone m'chipatala chakale chimene anasiya atsamunda, cha makoma akuda ndi nkhungu, ndipo m'mawa mwake madokotala ankati awang'ambe pamimba. Wolosera wa padoko sanapite m'mbali: mayiwo akamasule mpheta zisanu ndi zinayi kukachisi wa golide wa paphiri, moyo uwombole moyo. Akatero bambowo adzadzuka.

Nsapato mayiwo anavulira m'munsi mwa makwerero a kachisiyo monga mwa mwambo, ndipo phazi loyamba lomwelo linatera pa malovu ofiira, akadali ofunda, a wina wotafuna kun, masamba amene anthu akumeneko amatafuna ngati fodya. Anapukuta phazilo paudzu uku akutukwana chamumtima.

Wogulitsa mbalame naye anali wa mano akuda ndi kun yemweyo. Khola lake la waya linkanunkha zitosi, mpheta zili thithithi, zina zikupondana. Anawaitana kuti azakhali, nalumbira kuti mbalame zake n'zamphamvu zokhazokha, ndipo anayamba kuwapatsira imodziimodzi ngati zitumbuwa.

Daw Ngwe Sein ankatchula dzina la amuna awo n'kutambasula manja. Ziwiri zoyamba zinakafika padenga. Yachitatu inangophupha pang'ono n'kugwera pasimenti, ndipo khwangwala amene anali mumtengo wa mkuyu anatsika mosafulumira, ngati woitanidwa. Anaing'amba pomwepo, pamaso pa mafano a Buda. Mayiwo anapitiriza, poti chiwerengero n'chiwerengero, koma pofika yachisanu ndi chitatu akhwangwala anali atadyapo zitatu, ndipo nthenga zinkawamatirira kumapazi.

"Iwe," anatero Daw Ngwe Sein, "ndabwera kudzapulumutsa moyo ine, osati kudzaphikira akhwangwala."

"Nawonso n'zamoyo, azakhali. Akakhuta, dalitso ndi lanu." Munthuyo analavula chapambali. "Zotsalazo musazidandaule, madzulo zibwera zokha kumpunga. Iyo yopanda mchirayo ndaigulitsa kanayi sabata ino."

Ananena mokondwa, ngati akuyamikira mwana wanzeru. Daw Ngwe Sein ananyansidwa mpaka malovu anawadzadza mkamwa, koma pamalo opatulika analibe polavulira, choncho anameza.

Yachisanu ndi chinayi sanaimasule. Anaikulunga m'kampango, naganiza zokaiulutsa kwina kopanda akhwangwala. Anatsika phiri, nadutsa mumsika. Padoko anapeza akhwangwala ali mbwee pa matumbo a nsomba. Pa nyumba zakale zosungiramo matabwa za Angelezi anali ndandanda padenga, akuwayang'ana. Mzinda wonse unali wa akhwangwala. Anayenda dzuwa likuswa mtengo, kampango atakafumbata pachifuwa, mpaka anangozindikira kuti afika pachipata cha chipatala.

Pamenepo ndi pamene anamasula. Mpheta inali itauma kale, timiyendo titapindika. Kaya inafa ndi njala ya m'khola, kaya ndi dzanja lawo lofumbata, iwo sanadziwe, ndipo wom'funsa panalibe. Anaikankhira pansi pa maluwa a mpanda ndi kamtengo.

M'chipinda munkanunkha mankhwala ndi mikodzo. U Ba Kyaing anatembenuza mutu pang'onopang'ono, maso ali achikasu.

"Zauluka, amake Thuzar?"

"Zonse."

Zaka makumi anayi za ukwati anali asanawanamizepo, ndipo bodzalo linatuluka mosavuta moti anadzinyansa kuposa mmene anawanyansira wa mano akuda uja. Bambowo anamwetulira, nanena kuti tsopano mpeni sakuuopanso. Anapempha kuti agwireko dzanja limene lachita chifundo chotero. Daw Ngwe Sein anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi osamba, koma amuna awo anali atalitenga kale, ataliika patsaya.