Msoko wa Mbaliwali

Basi inamutsitsa mdima utagwa kale. Tauni yachilendo, nyali zam'misewu zakufa. Mbaliwali anatsata kulira kwa chitsulo mpaka pa geti la galaja. M'chikwama munali ovolosi, magolovesi ndi chigoba chowotcherera.

Ntchito yakale anaisiya dzana. Kumeneko ankalandira theka la malipiro a amuna amene iye yemwe anawaphunzitsa. Bwana wa kuno anaona zithunzi za misoko yake yowotcherera zitsulo pafoni, nalemba kuti abwere, alandira za mmisiri wamkulu. Mawu a Mbaliwali bwanayo sanawamvepo. Ana awiri Mbaliwali anawasiya kwa mkulu wake, ati adzawatenga mwezi ukatha.

Kapitawo anatsegula geti, namuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mayi, zogulitsa mubwere nazo mawa."

"Ndine wowotcherera uja."

"Bwana! Mmisiri wanu wafika. Koma wavala ndolo!"

Anyamata anafa nacho chikhakhali. Bwana anatuluka mu ofesi, nakanda m'mutu. Pabwalo panali ngolo ya lole, chokokera chake chitang'aluka. Amisiri ake anachiwotcherera kawiri, kawiri konse chinalekana. Dalaivala ankaifuna m'mawa.

"Tione kaye dzanja lanu," anatero bwana.

Mbaliwali anapala msoko wakale wonse mpaka chitsulo chinayera. Anasema ngalande pamng'alu. Anayamba watenthetsa chitsulocho, chinthu chimene amuna aja ankachilumpha chifukwa cha phuma. Kenaka anatsitsa chigoba. Anawotcherera, nadutsapo katatu, modekha. Chitazirala, kapitawo anachimenya ndi hamala yaikulu. Chinalira ngati belu. Kuseka kunatha.

Mu ofesi bwana anamulozera mpando.

"Dzanja muli nalo, mayi, sindikana. Koma pano akazi timawalemba ngati othandiza."

Anatchula malipiro. Theka, ndendende ngati kumene anachoka.

"Pafoni munalemba zina, bwana."

"Ndinkayesa ndikulembera bambo. Bambo amakhala ndi banja loti adyetse."

"Nanga ana anga amadya dzimbiri?"

"Musapse mtima. Ndikakukwezani pamwamba pa anyamatawa, mawa onse anyanyala. Ntchito iima."

"Nanga msoko ndaikawu?"

"Amenewo anali mayeso."

Anamugoneka m'chipinda chosungira penti, pamodzi ndi mayi wopenta magalimoto. Mayiyo ankatsokomola ngati injini yokana kulira.

"Zaka khumi ndi zitatu ndili pano, mwanawe. Amene ndinamuphunzitsa kusakaniza penti ndi kapitawo wakuseka uja."

"Bwanji osachoka, amayi?"

"Ndipite kuti? Kumene wachoka iweko n'kosiyana?"

Mbaliwali anatenga foni. Analembera bwana wake wakale, mawu ofatsa amene anamuwawa polemba. Yankho silinachedwe: malo aja taikapo kale wina.

Kunja kutayamba kuyera, lole inalira. Dalaivala ananjuta pansi pa ngolo, nasisita msoko uja ndi chala.

"Eee, kapitawo! Uyu ndiye msoko wa mwamuna weniweni."

Kapitawo anangomwetulira, osatsutsa.

Bwana anaima pakhomo la ofesi ndi kapu ya tiyi. "Mwaganiza bwanji, mayi? Ovolosi muli nayo kale, sitiwononga ndalama."

Mbaliwali anakoleka chikwama paphewa, nalunjika kwa dalaivala.

"Achimwene, kumene mukupita kuli magalaja?"

"Alipo ambiri. Mukukafuna abambo akunyumba?"

"Ndikukafuna ntchito."

"Ya m'khitchini?"

Mbaliwali anakwera m'lole. Mayi wopenta anatseka geti kumbuyo kwawo, akutsokomolabe. Lole inakwera chitunda, katundu ali thothotho, ngolo ikutsata bwinobwino.

Foni inalira m'thumba mwake. Anali mkulu wake. Nthawi ngati imeneyi ana amakhala atadzuka, akufuna kumva za nyumba yatsopano. Mbaliwali anaigwira m'manja, naisiya ilire mpaka inatopa yokha.