Mgolo Umene Unakana Kulowa M'chombo

Nkhani iyi anandiuza Lemuel Garrick, mmisiri wokhoma migolo ya fodya, tsiku lina tikudikira bwato lowolotsa anthu pa mtsinje wa Rappahannock, ku Virginia ku Amereka. Ine Virginia yense ndamuyenda ndi miyendo iyi, ndatola nkhani za anthu ambirimbiri, koma anthu opanda manyazi ngati awiri a m'nkhaniyi sindinawapezeponso.

Woyamba anali Zachary Tunstall, mlimi wa fodya, munthu woumira moti utsi wa kaliwo wake ukamauluka ankaudandaula. Iye anali atasiya mkazi wake Dorcas ku Bristol, ku Mangalande, kwa zaka zinayi, atamulonjeza kuti fodya akadzachita bwino adzamulipirira ulendo. Chaka chimenecho fodya anachitadi bwino.

Eni zombo amalipiritsa powerenga migolo, osati kulemera kwake, n'chifukwa chake lamulo linaika kukula kwa mgolo. Tunstall anaitana Garrick.

"Achimwene, mundikhomere migolo isanu ndi umodzi, koma ikhale yonenepako."

"Yonenepa bwanji, bwana?"

"Ngati abusa athu aja. Mgolo wa lamulo ndi wa anthu opusa."

Wachiwiri anali Gamaliel Pruett, kaputeni wa chombo. Monga amachitira onse, anasaina chikalata cholandirira katundu ali pa tebulo la Tunstall, m'kamwa muli nyama ya nkhumba, migoloyo asanaione n'komwe. Amalinyero ake ndiwo anaigubuduza mpaka kudooko, akutukwana njira yonse.

Chaka chotsatira chombo chinabwera. Dorcas munalibe. Munali kalata ya wamalonda wa ku Bristol yonena kuti mgolo wokhala ndi chizindikiro cha Tunstall sanauone ngakhale umodzi.

Tunstall anamupeza kaputeni padooko.

"Iwe khoswe wa m'madzi, fodya wanga ali kuti?"

"Kafunseni nsomba, bambo. Zikusuta mpaka lero."

"Mkazi wanga akudikira!"

"Wadikira zaka zisanu, wazolowera."

Nkhani inapita kubwalo. Pruett anauza oweruza kuti migoloyo inali yaikulu kuposa lamulo, inakana kulowa pachibowo chotsitsira katundu m'mimba mwa chombo, ndiye anaimangirira pamwamba, namondwe n'kuikokolola. Tunstall anagwira Baibulo n'kulumbira kuti migolo yake inali ya lamulo ndendende. Oweruza anati, "Chabwino. Lachisanu mubwere ndi mgolo wofanana ndi imeneyo, tikauyese pachombo. Ukalowa, kaputeni alipira fodya yense. Ukakana, mwataya."

Tunstall anathamangira kwa Garrick.

"Ndikhomereni wina msanga. Wowonda tsopano, wochepera pang'ono wa lamulo."

"Abusa adwala?" anafunsa Garrick.

"Khomani, musandilankhulitse."

Nayenso Pruett sanagone tulo ta mwana. Anauza kalipentala wake kuti akhomere matabwa m'mphepete monse mwa chibowo chija, apakepo phula kuti aoneke akale.

Lachisanu masana anthu anadzaza dooko. Oweruza atatu anakwera m'chombo, thukuta lili kamukamu m'majekete awo. Tunstall analumbiranso kuti mgolo uwu unali wofanana ndi isanu ndi umodzi ija. Amalinyero anaukweza ndi chingwe, n'kuutsitsa pachibowo. Unalowa pang'ono, kenaka gwa! Anautembenuza, anaupondaponda, wina anakhalapo n'kumadumpha. Mgolo uli phee.

"Chibowo ichi chachepa!" anakuwa Tunstall.

"Chibowo sichiwonda, bambo," anatero Pruett. "Wonenepa ndi mwana wanuyu. Mumamudyetsa chiyani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Tunstall anayang'ana mgolo wake wabodza utakakamira pachibowo chabodza. Akanati auyeze, Garrick anali pomwepo, ndipo oweruza akanamufunsa za migolo inayo. Oweruza nawo ankangofuna mthunzi. Anagamula kuti kaputeni alibe mlandu.

Dorcas sanabwere. Patapita miyezi analemba kuti wapita kukakhala kwa mlongo wake ndipo za Virginia asadzamuuzenso. Tunstall akuti anadandaula kwambiri mtengo wotumizira kalatayo.

Koma Pruett naye chimwemwe chake chinatha ndi sabata imodzi. Alimi ena atabweretsa fodya wawo, panalibe mgolo ndi umodzi womwe umene unalowa. Munthu wanzeru uja anali atadzitsekera chombo chake chomwe. Anachita kuzula matabwa aja dzuwa likuswa mtengo, alimi ataima padooko manja ali m'chiuno.

"Akaputeni, chibowo chayamba kunenepa?" anafuula mmodzi.

Ataona chinyengocho, aliyense anagubuduza migolo yake kubwerera nayo. Pruett anayendayenda mumtsinje kupempha katundu mpaka nyengo yotentha inamupeza, nthawi imene mphutsi za m'madzi zimaboola matabwa a zombo. Chombo chinayamba kumwa madzi, n'kukhala pamatope. Fodya wa Tunstall uja, akutero Garrick, namondwe sanamukhudze. Kaputeni anaphwasula migolo n'kumugulitsa kwa amalonda Achidatchi asanafike n'komwe panyanja yaikulu.

Nthiti za chombo chinachake ndinazionadi pamatope pamenepo, koma zombo zowola n'zambiri mumtsinje uno. Kunena zoona, nkhaniyi sindiikhulupirira yonse. Oweruza atatu, ngakhale aulesi chotani, angalephere kununkhiza phula la dzulo? Ndipo china chimandivuta. Kuti kaputeni achepetse chibowo mokwanira, anayenera kudziwa kukula kwa mgolo watsopano uja, ndipo amene ankakudziwa anali Garrick yekha. Nditamufunsa zimenezi, anati bwato lafika. Bwatolo linali likadali tsidya lija.