Kamzere Kosapaka Laimu

Mumsewu wathu wa Oumba Mbiya nyumba zimagundana khoma ndi khoma, kuchokera pachipata chakale cha tauni mpaka kukafika pabwalo la msika. Zoumba mbiyazo anthu anasiya kalekale, langotsala ndi dzina. Chimene sitinasiye ndi laimu. Msika waukulu wa mwezi wa Meyi ukayandikira, mayi aliyense amatulutsa ndowa ndi burashi yomangirira kubango, n'kuyeretsa khoma la nyumba yake, kenako n'kulemba mzere wachikasu m'munsi ndi kuzungulira chitseko. Nyumba ikafika tsiku la msika isanapakidwe, aliyense amadziwa kuti mwini wake mphamvu zamuthera.

Pakati pa nyumba yanga ndi ya Dona Custódia pali kamzere kakuda, kukula kwake ngati chikhatho, kuchokera kudenga mpaka pansi. Kanayamba ndi paipi ya padenga lawo imene inkadonthezera madzi a mvula pamenepo. Ine ndinati khomalo ndi lawo, apake okha. Iwo anati ndi langa. Paipiyo inakonzedwa, amuna athu onse awiri anamwalira, koma kamzereko kanakhalabe zaka khumi ndi zinayi. Chaka chilichonse ine ndinkapaka n'kulekeza cha kuno, iwo n'kulekeza cha uko, osapatsana ngakhale moni. Ndisaname, zinkandikoma.

Chaka chino mu Febuluwale Dona Custódia anaterereka pamiyala ya mumsewu, ndipo dzanja lawo lamanja silinabwererenso mwakale. Mwana wawo Baltazar, amene amagwira ntchito ku Lisbon, anali atawapezera kale malo kunyumba yosungirako okalamba. Ndinazimva kwa Graciete wogulitsa buledi, amene nkhani sigona m'kamwa mwake.

"Akuti abwera tsiku la msika," anatero akundikulungira buledi. "Akaona kuti mayi ake sakuthanso kusamala nyumba, awatenga tsiku lomwelo. Nyumba agulitse."

"Ndiye ine zikundikhudza pati?"

"Ndangonena, Ermelinda. Mudzakhala ndi aneba atsopano, alendo aja obwera ndi makamera, sabata imodzi n'kumapita."

Ndinabwerera kunyumba. Munthu ndakangana naye zaka zonsezi, ndiye wina angobwera kudzamunyamula ngati thumba la ufa, osandifunsa n'komwe?

Lachitatu la sabata ya msika ndinamaliza khoma langa. Lachinayi m'mawa ndili pazenera ndinaona Dona Custódia atatuluka ndi ndowa. Anagwira bango ndi dzanja lamanzere, anakweza kawiri, laimu yense n'kutsikira m'malaya. Kenako anakhala pansi pakhomo, akungoyang'ana khoma lawo lotuwalo. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya kuti ndawamvera chisoni.

Atalowa m'nyumba ndinanyamula ndowa yanga n'kuyamba. Zenera lawo linatseguka.

"Mukutani pakhoma langa, Dona Ermelinda?"

"Laimu wanditsalira. Mukufuna ndikataye?"

Anasuzumira m'ndowamo. "Mwachulutsa madzi. Chaka chilichonse mumatero. N'chifukwa chake nyumba yanu imaoneka ngati ikudwala."

"Tsekani pakamwa, mungameze dontho."

Ndinapaka mpaka dzuwa litapendeka, iwo atakhala pampando akundilamula ngati ndine waganyu. Mzere wachikasu anati ukwere zala zinayi kuposa wanga, chifukwa iwo amalemba choncho. Anthu odutsa ankayang'ana kumbali. Ngakhale Graciete anadutsa ngati wachita khungu.

Pomaliza ndinafika pakamzere paja. Mapewa ankawawa, ndipo ndinaganiza kuti basi, zithere pompano. Ndinaviika burashi n'kukweza.

"Siyani pamenepo."

Ndinatembenuka. "Mpaka lero, aneba? Ndakupakirani nyumba yonse."

"Baltazar amakadziwa kamzereko," anatero motsitsa mawu. "Akapeza kapakidwa adziwa kuti sindine. Amadziwa kuti ine sindingapake pamenepo ngakhale wansembe atandigwadira."

Ndinatsitsa burashi. Amanena zoona, ndipo palibe chimene chimandinyansa ngati Dona Custódia akamanena zoona.

Loweruka msika unadzaza. Nkhosa zinkalira kuseri kwa tchalitchi, fungo la tchizi ndi azitona linali mumsewu monse. Baltazar anasiya galimoto kuchipata, poti mumsewu mwathu singalowe, n'kubwera wapansi. Ine ndinali pakhomo panga ndikusenda nyemba, manja ndawabisa m'mbale chifukwa laimu anali atawang'amba. Mayi ake anali pakhomo pawo, zikhadabo zili mbuu. M'mawa ndinawaona akuziviika dala m'ndowa yanga.

Baltazar anaima n'kuyang'ana nyumbayo kuchokera kudenga mpaka pansi. Anagwira khoma, n'kuyang'ana chala chake.

"Amayi, mwapaka nokha?"

"Ayi, wapaka ndi bishopu."

Sanaseke. Anatembenukira kwa ine. "Dona Ermelinda, si inu mwawathandiza?"

"Ine?" Ndinaloza kamzereko ndi chibwano. "Taona apo, mwanawe. Amayi akowa avomere kaye kuti khomali ndi lawo."

"Ndi lanu," anatero Dona Custódia osandiyang'ana.

Baltazar anayang'ana kamzereko nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu n'kuseka. "Anthu awiri inu, ndakulepherani."

Anadya nkhomaliro kwa mayi ake, n'kuwakonzera loko wa pachitseko. Cha m'ma folo ndinamuona akutsika msewu atanyamula tchizi ziwiri, ali yekha.

Kutayamba kuzizira, monga mwa masiku onse, anthu anatulutsa mipando pamakomo. Dona Custódia anakoka wawo ndi dzanja lamanzere, gwedegwede pamiyala, mpaka anauika pakamzere penipeni. Ine ndinasendeza wanga pang'ono. Tinakhala tikuonera amalonda akupasula matebulo awo.

"Chaka chamawa," anatero, "muchepetse madzi."