Mtunda wa kwa Nabanda

Loto la dzana landisowetsa mtendere. Ndinalota ndili nkhoswe wa makina awiri a kompyuta, ine amene sukulu ndinangoinunkhiza. Oyamba ankadziwa chinthu chilichonse ndi abale ake, koma kuwerengera ayi. Enawo ankadziwa masamu okhaokha. Onse ankanunkhira sopo wa malemu mkazi wanga, Nabanda.

Nditawagwiranitsa manja, ndinafunsa kuti, "Kwatsala mtunda wotani kuti ndikafike kwa Nabanda?"

"Nabanda ndi akazi awo a bambowa," oyamba aja anafotokozera anzawo. "Ankawaseka bambowa akamawerenga buku mokweza."

"Tamva. Dikirani pang'ono, bambo," anatero amasamu, manambala akugwa ngati mvula padenga la malata.

Ndinadzuka yankho lisanatuluke. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinkafuna mtundawo ukhale wautali kapena waufupi.