Diso Limodzi la a Sebastiano

Adokotala ananena zinthu zitatu zokha, ndipo Jesinta anazisunga m'mutu ngati malamulo a kutchalitchi: fumbi lisalowe m'diso, bambo asamawerame, ndipo pathonje lophimba disolo pasagundidwe ndi kanthu mpaka sabata itatha. Diso la bambo akewo linali limodzi lomwelo. Lakumanzere linafa kalekale, munga utawalasa a Sebastiano pothawa nkhondo kwawo ku Mutarara. Lakumanja ndi limene linasoka madiresi a anthu a kwa Tengani zaka makumi atatu, mpaka ng'ala italiphimba, makina n'kuyamba kuchita dzimbiri pakhonde. Tsopano ng'alayo anali ataichotsa kuchipatala mu Blantyre. Ntchito yotsala inali ya Jesinta, mwana wawo wachisamba: kuwafikitsa kunyumba diso lili bwinobwino.

M'minibasi anawakhazika kuwindo la kumanja, n'kulitseka ngakhale kunali kwa Okutobala, iye n'kukhala kumanzere kwawo ngati mpanda. Potsika chitunda cha Thabwa mkuluyo anamugwira dzanja.

"Jesinta, m'mphepete mwa thonjemu ndikuona kuyera," anatero monong'ona. "Ngati kukucha."

"Musagwirepo, Baba."

"Nkhabe, sindikugwira. Ndikungokuuza."

Jesinta anasangalala mpaka misozi inalengeza. Mumtima anali atayamba kale kuganiza za mafuta othira m'makina aja.

Mavuto anakwerera pa Nchalo. Minibasi inali itadzaza kale, atatu atatu monga lamulo linenera, koma kondakitala, Fanizo, anali munthu wosadziwa kuti galimoto imadzaza. "Anayi anayi, makolo! Sunthani pang'ono, tonse ndi apaulendo!" Analowetsa anthu ena anayi, ndipo womaliza anali mwamuna wa malaya osamanga mabatani, maso ali psu, kabotolo kagalasi kali m'manja. Fungo la kachasu linayamba kulowa iye asanalowe. Dalaivala anamutchula dzina akuseka: "A Rodgers, alamu! Mwayambiratu m'mawa?" Jesinta atamva mawu akuti alamu, mtima unamuuza kuti zinthu sizikhala bwino. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Rodgers anakhala mpando wa kumbuyo kwawo, kumsana kwenikweni kwa a Sebastiano. Anayamba ndi nyimbo. Nyimbo ikanakhala yokha akanaipirira, koma inafuna ng'oma, ndipo ng'omayo inali mpando wa mkuluyo. Akamenya ndi chikhatho, mutu wa a Sebastiano unkagwedezeka.

"Achimwene, chonde," anatero Jesinta atatembenuka. "Bambo angawa achitidwa opaleshoni ya diso dzana. Musamenye mpando."

"Opaleshoni?" Rodgers anasuzumira, chibwano n'kuchiika paphewa la mkuluyo. "Madala, akuikani diso la mbuzi kapena la nkhumba? Tavulani tione!"

Anaseka yekha, koma ena awiri atatu anamuthandizako ndi timano. Kenako anayatsa fodya. Utsi unazungulira m'galimoto yothinana ija, a Sebastiano n'kuyamba kutsokomola, dzanja lili m'mwamba kutchinga thonje.

"A kondakitala!" Jesinta anakuwa. "Simukuona zimene akuchitazi?"

Fanizo anali atatulutsa mutu pawindo la chitseko, akuitanira anthu ena ngati malo analipo. Anabweza mutuwo mwaulesi. "Mayi, munthu woledzera samuyankha. Mukamuyankha ndiye mumamupatsa mphamvu."

Pafupi ndi Jesinta panali bambo wina wa tayi, chikwama cha mapepala chili pamiyendo, wooneka kuti ndi wa m'maofesi a pa boma la Nsanje. Jesinta anamuyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu woti angalankhule Chingerezi zinthu n'kusintha. Bamboyo anatulutsa foni n'kuyamba kuiwerenga mwakhama. Amayi awiri a kutsogolo anayang'ana minda ya mzimbe ngati aiona koyamba. Anthu khumi ndi asanu ndi atatu, aliyense ndi pakamwa pake, koma m'galimoto munali zii, kupatula Rodgers. Jesinta anapsa mtima, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri sanali woledzerayo ayi. Woledzera ndi woledzera. Nanga enawa anali atamwa chiyani?

Atayenda ndithu, minibasi ina yochokera ku Bangula inawaphethirira nyali, dalaivala wake n'kuloza pansi ndi chala. Aliyense woyenda mseu umenewu amadziwa tanthauzo lake: kutsogolo kuli apolisi a pamsewu. Jesinta anapumira m'mwamba. Anayamba kusanja mawu oti akanene. Akanena mwaulemu, mosakuwa, kuti asaoneke wolongolola. Munthuyo amutsitsa, iwo n'kupitiriza ulendo mumtendere.

Koma anali ataiwala mmene ntchitoyi imayendera. Rodibuloko isanaoneke, pa kona pomwe pali mitengo ya masawu, dalaivala anaima. Fanizo anatsegula chitseko.

"Anayi aja akwera pa Nchalo, tsikani! Mudutse wapansi ngati anthu a m'mudzi mom'muno, osayang'ana galimoto. Tikakudikirani kuseri kwa mlatho. Alamu, inunso. Botololo bisani."

Rodgers anatsika ali dzandidzandi, n'kulowa kanjira ka m'mbali mwa mseu pamodzi ndi anzake atatu aja. Fanizo anatsegula mawindo onse kuti utsi utuluke, anakonza anthu atatu atatu, n'kumanga batani la kukhosi. Pofika pa rodibuloko, minibasi ija inali ngati yonyamula kwaya.

Wapolisi anali mayi wamtali, thukuta lili kamukamu pansi pa chipewa. Anawerenga mitu, anaona mapepala a dalaivala, n'kukweza dzanja kuti adutse.

"Bwana!" Jesinta anaitana. "Muno muli munthu woledzera akuvutitsa bambo anga. Akusuta fodya, akumenya mpando, bambowa ali ndi bala m'diso."

Wapolisi anabwerera, nasuzumira. "Ali kuti?"

"Amutsitsa pakona apo. Anatsitsa anthu anayi. Akukawatenganso kutsogoloku."

Nkhope ya wapolisiyo inasintha. Anayang'ana Fanizo, Fanizo n'kutambasula manja ngati mwana wosalakwa. "Bwana, werengani nokha. Mayiwa takangana pa nkhani ya windo, ndiye akufuna kundiipitsira ntchito."

"Chabwino," anatero wapolisi, akuyang'ana mzere ndi mzere. "Ngati ndi zoona, galimoto ino ikhala pompano mpaka tithane nazo. Alipo wina amene waona zimene akunena mayiwa?"

Mawu akuti ikhala pompano ndi amene anatseka anthu pakamwa. Kunja dzuwa linali liswamtengo, popanda ngakhale mthunzi wa mbuzi. Aliyense anaganiza za ulendo wake. Amayi a kutsogolo aja anayamba kukonza mipango. Wina kumbuyo anati chapansipansi, "Tichedwa nazotu izi." Jesinta anagwira mkono wa bambo wa tayi.

"Bambo, inu munali pompano. Nenani."

"Ine ndimawerenga uthenga pafoni, mayi," anayankha osamuyang'ana. "Sindinatsatire bwino."

Pamenepo a Sebastiano anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ine ndamumva, bwana. Dzina lake ndi Rodgers. Anandiika chibwano paphewa pano."

Wapolisi anayang'ana diso lakufa lija, nayang'ana thonje, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Agogo, pepani. Koma mwa anthu onse openyawa, mboni ikhale inu nokha?" Kumbuyo kunali kutaima kale malole awiri, wina akuliza hutala. Wapolisiyo anamenya denga la minibasi ndi chikhatho. "Pitani. Kondakitala, usamale odwalawo."

Jesinta anaganiza zotsika pomwepo. Anayang'ana fumbi limene malole ankautsa, nayang'ana bambo ake amene sanadye kanthu chichokereni kuchipatala. Akawaimika padzuwa limeneli mpaka liti? Anadziuza kuti Ngabu sipatali, akatsikira kumeneko n'kudikira galimoto ina pamthunzi. Anadziuzanso kuti mwina dalaivala wachita mantha, mlamu wakeyo amusiya. Anangokhala pampando wake.

Kuseri kwa mlatho minibasi inaima. Anayi aja anali chilili, akudikira.

"Musamukweze ameneyo!" anatero Jesinta. "Mukamukweza, ife titsike."

"Mutsikira pa Ngabu, pano si pa siteji," Fanizo anayankha mwaukali, akukankhira anthu m'kati. "Mwatsala pang'ono kutigwiritsa galimoto, mayi inu. Alamu, mukudziwa kuti mayi awa amakunenezani kwa apolisi? Mpaka dzina kutchula!"

"Ine?" Rodgers anaima theka, msana uli kudenga, botolo lija litatulukanso. "Iwe mkazi iwe, wandineneza ine?"

Chitseko chinatsekedwa, dalaivala n'kunyamuka mwaliwiro poopa kuti apolisi angaone. Rodgers anagwera pampando wake, nadzukanso, n'kuweramira kutsogolo pakati pa Jesinta ndi bambo ake. Ankamuloza kumaso ndi dzanja lomwe linali ndi botolo, malovu akuthovokera pa bulauzi. Ananena mawu oti munthu sangabwereze pamaso pa kholo lake. Jesinta anakumbatira mutu wa bambo ake ndi mkono umodzi, winawo akukankha chifuwa cha munthuyo.

"Thandizeni, anthuni! Mugwireni!"

Palibe anasuntha. Koma a Sebastiano sakanatha kukhala chete mwana wawo akutukwanidwa. Anachotsa mkono wa Jesinta, natembenukira kumene kunkachokera mawuwo.

"Mwanawe, ameneyu ndi mwana wanga. Ngati pali mlandu, lankhula ndi ine."

Nthawi yomweyo tayala linalowa m'dzenje. Galimoto inadumpha, Rodgers anapepesukira kutsogolo, ndipo thako la botolo linafikira pathonje penipeni. Silinamveke kwambiri. Linangoti thi, ngati chikho chagunda tebulo. A Sebastiano sanakuwe. Anangoti "Mayo," n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri.

Jesinta anawachotsa manjawo pang'onopang'ono. Pakati pa thonje loyera lija panali kadontho kofiira, ndipo kankakula iye akuona.

Pamenepo ndiye minibasi yonse inapeza pakamwa. Amayi a kutsogolo aja anayamba kulira mokweza, akuitana Yesu. Anyamata awiri amene anakhala phee ulendo wonse anamugwira Rodgers pakhosi, n'kulamula dalaivala kuti aime. Anamukokera panja, wina n'kumuponda, wina n'kuswa botolo lija pa tala. "Tinkamuona ife chichokereni pa Nchalo!" anatero wina. "Anthu oterewa ndi ofunika kumangidwa!" Bambo wa tayi anaimirira, foni ili m'mwamba, akufotokoza bwino lomwe zimene malamulo amanena pa nkhani ya mowa ndi fodya m'galimoto zonyamula anthu, Chingerezi chikutuluka ngati madzi a pampopi. Anati iye ndi wokonzeka kukachitira umboni kulikonse. Fanizo, batani la kukhosi lidakali lomanga, ankangobwereza kuti chipatala chili pafupi, afika pompano.

Jesinta analibe mphamvu yotukwana, ngakhale ankafunitsitsa. Anagwada pakati pa mipando, nagwira mawondo a bambo ake.

"Baba, kuyera kuja mukukuonabe?"

Mkuluyo anatembenuzira nkhope kuwindo kumene kunali dzuwa. Kenako anapukusa mutu pang'ono. Anamvetsera phokoso lonse lija, mawu a amuna ndi akazi akupikisana kunena zimene anaona, ndipo anafufuza dzanja la mwana wake mpaka analipeza.

"Jesinta," anafunsa motsitsa mawu, "anthu onse akulankhulawa akwerera pati? Muja pa rodibuloko ndimayesa tili awiriwiri."