Yankho la Suryati

Suryati ankayendetsa makina atsopano pa kampani ina yokonza sitima zapamadzi padoko la Pasir Gudang. Makinawo ankasungunula waya ndi kuwala kotentha kwambiri kotchedwa leza, n'kumasanjikiza chitsulocho mzere pamwamba pa mzere mpaka chopalasira sitima chimene chinali chitadyeka chibwerere mwakale. Poyamba ntchitoyi inali ya a Mahzan, mkulu wowotcherera zitsulo amene anaphunzitsa Suryati ntchito bambo ake atamwalira.

Tsiku lina bwana wawo, a Teoh, anaima pakhomo. "Kodi chilipo chimene a Mahzan amachita choti makinawa sangathe?"

"Palibe, bwana," Suryati anayankha monyadira, maso ali pa kompyuta.

Mwezi usanathe a Mahzan anauzidwa kuti apume pa ntchito. Tsiku lotsanzikana nawo, Suryati ananamizira mutu n'kukhala kunyumba.

Sabata yotsatira mkuluyo anatulukira yekha kuntchito kuja, atanyamula mpunga wa kokonati m'tsamba la nthochi.

"Mutu uja wapola? Idya, iwe, waonda ngati waya wakoyo. Ndiye undionetse chigawenga chandilanda ntchitochi."

Anavala magalasi akuda n'kusuzumira pa kazenera ka makinawo. Kadontho kowala kankayenda pang'onopang'ono, waya akusungunuka, chitsulo chikukwera.

"Eee! Kusalala kwakeko! Bambo ako akanaona zimenezi akanakuchemerera msewu wonse."

Suryati anaika mpunga uja pambali. "Amalume, ndine ndinachititsa. A Teoh anandifunsa, ine n'kunena kuti palibe chimene inu mumachita choti makinawa sangathe."

A Mahzan anavula magalasi. Nthabwala zinathera pomwepo.

"Unatero?"

"Sindinaganize, amalume."

"Unanama?"

"Ayi. Koma ndikanatha kuwonjezera kuti ndikukufunanibe pano."

"Ukanathadi. Zandiwawa, mwanawe, ndisakubisire. Ine ndimati wandichotsa ndi ukalamba."

Anamusisita paphewa n'kupita kukadikira basi.

Masana omwewo Suryati anakagogoda kwa a Teoh n'kuwapempha kuti a Mahzan abwerere pa ntchito. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nkhaniyo inatha kale.

A Mahzan anapeza kochita kwa mlamu wawo wokonza mabwato a asodzi. Pa chikondwerero cha Idi Suryati anapita kunyumba kwa a Mahzan, nawagwira dzanja n'kupepesa. Anamulandira bwino, anamudyetsa, anamufunsa za amayi ake ndi za mwendo wawo umene unkawavuta. Za kuntchito sanamufunse ngakhale kamodzi.